Kamera ya Kaunjika

Ndinaigula kwa mkulu wina ku Sheffield,
lamba wake akununkhabe fodya wa mwini wake woyamba.
Milungu itatu ndinaphunzirira pa mphaka wa aneba
ndi pa manja a nkhalamba zimene ndimasambitsa kuntchito.
Kenako Sungeni anati, "Achimwene, ojambula enieni
akufuna mapaundi chikwi ndi theka.
Inu tidzakulipirani mpunga."
Pakamwa panavomera, mawondo akukana.

Loweruka, m'munda wina kuseri kwa Hathersage,
mame anandilowa m'nsapato ndisanajambule kanthu.
Dzuwa la kuno ndi mlendo wopanda mwambo,
limalowa osaodira, limachoka osatsazika.
Ndikatchera kamera poyembekeza mitambo
ilo tulukiru, diresi yasanduka pepala losalembedwa.
Ndikatchera za dzuwa
nkhope ya Sungeni yamira, kwatsala mano ndi ndolo.
Palibe anandiuza kuti khungu lake ndi la Gethin
zidzalimbirana kuwala kumodzi
ngati ana awiri pa bulangeti lalifupi.

Nkhosa kuseri kwa mpanda wamiyala
zinkandiyang'ana ngati zinaonapo amisiri ondiposa.
Abusa atafunsa ngati alipo wotsutsa ukwatiwu,
imodzi inayankha.
Anthu anaseka mpaka misozi.
Ine ndinali chowerama, ndikusintha batire.

Kupsompsonana ndinakuphonya, ndisabise.
Kamera inadzisankhira chipewa cha azakhali a mkwati,
nthenga iliyonse kuoneka mbee,
eni tsiku kumbuyo kwake ngati utsi.

Pa chithunzi cha banja ndinakuwa kuti, "Sunthirani kuno!"
m'zinenero ziwiri, palibe anamva ngakhale chimodzi.
Wina waphethira. Wina akufuna mwana wake.
Mayi Nachisale aima pakati osagwedezeka,
chitenje cha ukwati pansi, jekete lobwereka pamwamba,
manja ake aatali kumeza zala zawo.

Perekaniperekani inayamba mphepo itadzuka.
Achibale a Gethin anasisita matumba mwamanyazi,
anali ndi makadi okha.
Athu anaponya mapaundi asanuasanu,
mphepo n'kulandira m'malo mwa akwati,
ndipo ndinaona bambo wa tayi akuthamangitsa ndalama
mpaka kumapazi a nkhosa ija.
Ndinajambula. Zonse zinatuluka zogwedera,
pakuti nanenso ndinkaseka.

Mvula inabwera chammbali, monga ichitira kuno.
Ndinabisa kamera m'khwapa, anthu akuthamangira m'tenti,
koma chala chinadina chokha.

Usiku, m'chipinda changa chapamwamba,
masokosi ali pa chotenthetsera,
ndinawerenga: chikwi chimodzi ndi mazana anayi.
Ndinafufuta, ndinafufuta, tiyi n'kuzizira.
Mitu yodulidwa. Thambo lopserera. Chigongono cha munthu.
Udzu, udzu, nsapato yanga.

Ndiye ichi.
Chapendekeka, ngodya imodzi yadyedwa ndi jekete langa,
dontho la mvula lakhala pagalasi ngati chipsera.
Mayi Nachisale sanathawe.
Aweramira foni, aifungatira ndi mpango wakumutu,
imvi zawo zili pamvula.
M'fonimo, nkhope yochepa ngati bokosi la machesi,
bambo a Sungeni ali pakhonde ku Zomba,
amene chitupa choyendera anawakaniza kawiri,
avala suti yonse, ndi duwa pachifuwa,
kukhala tsiku lathunthu pampando kuyang'ana kagalasi.
Ndipo Sungeni, diresi yathonkhomera matope kumunsi,
wagwada pa udzu wonyowa
monga agwadira mwana polankhula ndi bambo ake.
Gethin, posadziwa chochita ndi ambulera,
wagwada nayenso.

Sindikumbuka kuti ndinaziona.
Buku lija la kamera lili ndi masamba mazana awiri,
ndalisanthula, mulibemo zimenezi.

Ndinachitumiza cha m'ma thu koloko usiku.
Sungeni sanayankhe, anali atagona.
Ku Zomba kunali kusanache,
koma timizere tiwiri tinasanduka tobiriwira nthawi yomweyo.